Mtengo wa pachikwangwani si umene tikulipira



Pa tsiku la chisankho mudzaima pamzere kukaponya voti. Mzere si wachilendo kwa inu. Mwaimapo kale pa malo omwetsera mafuta pa boma la Mangochi ndi ku Monkey Bay, ena mwagonapo, ndipo Swala ya Fajr yakupezani mukulondera njinga yamoto kapena chigubu. Nchifukwa chake pamsika, m'minibasi ndi padoko mawu ndi amodzi: mafuta atsike. Ofuna mipando amva mawu amenewa, ndipo akubwera nawo kwa inu ngati lonjezo. Ndikukupemphani kuti musafulumire kuomba m'manja.

Mkwiyo wanu ndi woyenera. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Mwezi womwewo bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anafika pa K2,734. Mwini boti wa ku Malembo, mnyamata wa kabaza wa ku Namwera ndi mayi wopita kuchigayo cha dizilo, onse anamva kuwawa sabata yomweyo.

Koma taonani chimene chinatsatira. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka mu 2025 nambala ya pachikwangwani sinasinthe, chonsecho ulendo wa ku Makanjira unakwera, usipa unakwera, kugayitsa kunakwera. Chifukwa mukuchidziwa: pampu ikauma, mumagula kwa mavenda a zigubu ndi mabotolo pa mtengo umene iwo afuna. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtengo wotsika wa mafuta amene palibe sudzaliza injini ya boti.

Muzu wa vutoli ndi ndalama zakunja. Malawi sakumba mafuta. Lita iliyonse imagulidwa ndi dola, n'kudutsa pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Pamene fodya, tiyi ndi shuga zimene timagulitsa kunja sizikubweretsa madola okwanira kulipira zimene timaitanitsa, NOCMA ndi makampani ena amalephera kugula mafuta okwanira. Choncho wandale amene akukuuzani kuti adzatsitsa mtengo, osanena kumene adzapeze madola, akukulonjezani mzere wina wautali. Ana anga a ku madrasa akaloweza ndime popanda kudziwa tanthauzo lake ndimawabweza kuti akaphunzirenso. Wofuna mpando woloweza lonjezo m'bwezeni chimodzimodzi.

Pali chinthu china chimene ife a ku Mangochi tiyenera kuchinena mokweza kuposa wina aliyense. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja pakhomo pathu pompano, umadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi ounikira Blantyre ndi Lilongwe amadutsa kuno, koma midzi yambiri ya kuno imagona mumdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Komanso pa mtengo wa lita iliyonse pali ndalama yapadera yopita ku thumba la misewu, ndi ina yopita ku ntchito yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP. Msodzi amene amathira petulo usiku uliwonse wakhala akusonkha ndalama imeneyi zaka zonsezi. Ali ndi ufulu wofunsa kuti mapolo a magetsi afika liti kwawo, ndi kuti msewu wa ku Makanjira ukhala liti msewu.

Mudzi wopanda magetsi ndiwo umalumidwa kwambiri mafuta akakwera. Chigayo chimadalira dizilo. Nsomba zimaonongeka posowa pozizira, msodzi n'kuzigulitsa motaya. Amayi amaphikira makala, nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe n'kumatha, dothi n'kumakokolokera m'nyanja momwe chambo chimaswanira. Ndipo kudalira mtsinje umodzi kuli ndi ngozi yake: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, ku Golomoti a 20. Kodi dzuwa la ku Mangochi n'lochepa kuposa la kumeneko?

Choncho wofuna mpando akafika pabwalo la mudzi wanu, kaya ndi wa chipani chiti, kaya ndi Msilamu mnzanu, mufunseni izi. Madola ogulira mafuta adzachokera kuti, ndipo boma lidzasiya kugula chiyani kuti apezeke? Adzachita chiyani kuti mafuta ambiri azibwera pa njanji ya Nacala yodutsa ku Nayuchi ndi Liwonde, m'malo modalira matanka a pamsewu? Akadzakhala phungu, adzaumiriza kuti ndalama za misewu ndi za MAREP zizilengezedwa poyera boma ndi boma? Ndi midzi iti, mayina ake, imene adzaimenyere nkhondo kuti ilandire magetsi m'zaka zisanu? Akayankha ndi nyimbo ndi nsalu, mwamva yankho lake. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti.

Tisathawe mbali yathu. Ena mwa ogulitsa mafuta a m'zigubu timaswali nawo limodzi pa Jumu'ah. Chisilamu chimaletsa kubisa katundu wofunika kwa anthu podikira kuti mtengo ukwere, ndipo Surah Al-Mutaffifin imachenjeza mwamphamvu ochepetsa muyeso. Botolo losakwana lita, kapena petulo wothiridwa palafini, ndi chinyengo pamaso pa Allah ngakhale njala ikhale yotani. Sitingafune chilungamo kwa atsogoleri pamene ife tikufinya mnansi wofuna kuthamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera.

Voti ndi umboni, ndipo umboni ndi amana. Pochonga dzina mukuikira umboni kuti munthu ameneyu angathe kusenza udindo. Musaikire umboni munthu amene sanakuyankheni. Kambiranani mafunso amenewa mukatha Swala, muwalembe papepala, mupite nawo ku msonkhano uliwonse, ndipo pepalalo mulisunge kuti mudzamukumbutse wopambanayo chaka chamawa.

Allah atipatse nzeru posankha, ndi atsogoleri oopa tsiku la chiweruzo.