Mtembo wa Coyote Uyenera Kukwiriridwa

Ku America kuli cirombo cofanana ndi nkhandwe, dzina lace coyote, cimene cimagwira nkhosa, ana a ng'ombe ndi nkhuku. Alimi amacipha ndi mfuti ndi misampha. Koma cikafa, mtembo wace aucite ciani?

Ku Texas ndi ku Oklahoma alimi ena amapacika mitembo pa mpanda wa waya, ati kuti zinzace ziope. Ine nditi mwambo umenewu ngwoipa. Mtembo wosiyidwa poyera umaitana nchenche, ndipo agalu akaukhudza angatenge mphere.

Coopsya cina naci. Cipolopolo ca mtovu cimaphwanyika m'thupi, ndipo ziombankhanga ndi miimba zikadya nyamayo zimadwala ndi kufa. Cifukwa cace ca ici, kuyambira m'caka ca 2019 ku California saloleza kusaka nyama ndi zipolopolo za mtovu.

Tsono mlenje wanzeru acite motere. Asende cikopa m'nyengo yozizira, pamene ubweya uli wambiri, pakuti ndico cokhala ndi malonda. Posenda abvale magolovesi, cifukwa pa ubweyawo pangakhale mazira a njoka za m'mimba zodwalitsa munthu. Cirombo coganiziridwa kuti cinali ndi ciwewe asacisende konse. Pomariza akumbe dzenje lakuya, kutali ndi citsime ndi khola, akwirire mtembowo, naike miyala pamwamba kuti agalu angafukule.

Ena adzati kukumba nkutaya nthawi. Koma walira mvula walira matope. Amene anatenga mfuti kuti ateteze ziweto zace, atengenso khasu.