Osangoti "chigawenga": tchulani zimene anawachita atsikana

Asisi, ukaima pa Chiponde n'kuyang'ana kutsidya, uko ndi ku Mandimba, m'chigawo cha Niassa. Kumapeto kwa 2021 zigawenga zochokera ku Cabo Delgado zinafika m'chigawo chomwecho n'kuwotcha midzi ya ku Mecula. Ndiye wina asatiuze ife a ku Mangochi kuti nkhondo ya ku Mozambique ndi ya kutali.

Mu December 2021, bungwe la Human Rights Watch linati kuyambira 2018 zigawengazi zinali zitaba amayi ndi atsikana oposa 600. Ena anawakwatitsa mokakamiza kwa anyamata awo a mfuti, ena anawagulitsa ngati mbuzi pa msika. Funso lathu n'limodzi: ogulitsawo akadzagwidwa, adzayankha mlandu wanji?

Vuto lake ndi ili. Khoti la ICC ku The Hague limazenga milandu inayi basi: kupulula mtundu wa anthu, nkhanza zoopsa kwa anthu wamba, milandu ya pankhondo, ndi kuputa dziko lina. Uchifwamba mulibemo, poti mayiko atakumana ku Rome mu 1998 anakanika kugwirizana tanthauzo lake. Ena amati tidikire kaye agwirizane. Kudikira chani? Kugwiririra ndi kusandutsa munthu kapolo wogonana naye zinalembedwamo kale m'pangano la ku Rome lija. Koma munthu akangozengedwa mlandu woti "anali m'gulu la zigawenga", mtsikana amene anamutsekera m'nyumba zaka ziwiri saitanidwa n'komwe kukachitira umboni. Nkhani yake imathera pomwepo.

N'zotheka kuchita bwino. Mu 2021 ICC inapeza Dominic Ongwen wa gulu la LRA ku Uganda wolakwa pa milandu yophatikizapo maukwati okakamiza ndi kupereka mimba mokakamiza, ndipo anamugamula zaka 25. Koma mu 2024 khoti lomwelo linamanga Al Hassan wa ku Timbuktu pa mlandu wozunza anthu, n'kumumasula pa wa kugwiririra ndi maukwati okakamiza. Eti, amayi amene anapirira mpaka kulankhula! Chilungamo cha akazi sichibwera chokha, chimafuna phokoso.

Tinenenso ziwiri. Yunifolomu si chikhululukiro: mu September 2020 dziko linaona vidiyo ya mayi ali mbulanda akumenyedwa kenako kuwomberedwa ndi amuna ovala zausilikali ku Cabo Delgado. Boma la Mozambique linakana kuti anali asilikali ake. Nayenso mayi ameneyu akufunika khoti. Chachiwiri, asatitengerepo mwayi wonyoza Asilamu. Ena mwa atsikana obedwawo ndi Asilamu ngati anzathu a ku Namwera ndi kwa Makanjira.

Malawi analowa ICC mu 2002. Mozambique inasaina mu 2000 koma mpaka lero sinavomereze panganolo. Tikufuna boma lathu likanene poyera ku SADC kuti aneba athu alowe, ndiponso kuti aliyense wogwidwa aziyankha mlandu wa kugwiririra ndi ukapolo, wotchulidwa ndi dzina lake.

Kafunseni phungu wa kwanu kuti nkhaniyi adzaidzutsa liti ku Nyumba ya Malamulo. Akakuyankhani, bwerani mudzatiuze.