Maola awiri a ku Maputo amayambira pa msewu wa ku Chifunde

Ndege ya LAM ikanyamuka pa bwalo la Chingodzi, mu mzinda wa Tete, imakatera ku Maputo patatha maola pafupifupi awiri. Mtunda wake mumlengalenga ndi makilomita pafupifupi 1,100. Wopita pa basi, kudzera ku Inchope kukalowa msewu wa EN1, amayenda makilomita oposa 1,500, ndipo dzuwa limamulowera ali m'njira.

Nkhani imeneyi ndi yokoma kwa munthu wokhala mu mzinda. Koma kwa mlimi wa fodya wa ku Mualadzi kapena mphunzitsi wa ku N'sadzo, m'distrito ya Chifunde, ulendo wa ku Maputo suyambira pa Chingodzi ayi. Umayambira pa msewu wafumbi, podikira chapa yomwe sinyamuka isanadzaze.

Kuchokera pa chipata cha Cassacatiza, m'malire ndi Zambia, kukafika ku Tete pa msewu wa N9 pali makilomita oposa 250. Ngakhale galimoto iyende bwino, nthawi yake imaposa ya ndege yopita ku Maputo. Ndipo amene kwawo n'kutali ndi tala amayamba avutika kuti afike pa N9 pomwepo. Nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzaza ndi misewu n'kusanduka matope, ulendowo ungathe tsiku lathunthu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mzinda wa Tete uli pafupi ndi Lilongwe, Harare ndi Lusaka kusiyana ndi Maputo, likulu la dziko lake lomwe. Chimene chimalumikiza msanga chigawo chino ndi likulu ndi ndege. Mozambique idayamba kale kudalira ndege: kampani ya DETA idakhazikitsidwa m'chaka cha 1936, ndipo LAM idalowa m'malo mwake mu 1980. Koma ndege imathandiza yekhayo amene wafika pa bwalo nthawi yake. Wodwala amene madotolo amutumiza ku Hospital Central de Maputo, kapena wophunzira wa pa Universidade Eduardo Mondlane wochokera ku Chifunde, akachedwa m'matope ndege sidikira, ndipo tikiti yake ndi ya ndalama zimene banja la mlimi silipeza kawiri.

Tsono akuluakulu a boma la chigawo ndi la distrito, pokamba za maulendo a pandege, asaiwale kumene ulendo umayambira. Misewu yochokera m'midzi kukalowa mu N9 ikonzedwe mvula isanagwe, osati itagwa. Timilatho ta pa mitsinje ing'onoing'ono tikhale ta simenti. Makampani ogula fodya, amene malole awo amadutsa m'misewu yomweyo, aikepo dzanja lawo.

Maola awiri a pakati pa Tete ndi Maputo palibe angawadule kwambiri. Amene angadulidwe ndi maola a pakati pa Chifunde ndi Chingodzi, ndipo ntchito imeneyo ndi ya makasu, miyala ndi simenti.