Mau a kwa Kapondo: Za Kutsetsereka pa Cingwe



Cilimwe cafika, nkhokwe zadzala, ndipo amene anaphunzira pamodzi kale akumbukana, nati, Tiyeni tikaone dziko. Pobwera, ena a iwo asimba za masewera acilendo amene Azungu awacha zipline. Popeza ana athu amva kale mbiri yace, nkwabwino kuti makolo adziwe cimene ciri.

Amanga cingwe ca waya wacitsulo pamwamba pa phiri, nsonga inayo naimanga kunsi patali. Munthu abvala malamba m'cuuno ndi m'miyendo. Malambawo akoledwa ku kagudumu koyenda pa cingwe, ndipo kulemera kwa thupi lace ndiko kumtsitsa. Palibe injini ai. Ku Victoria Falls, pafupi ndi Livingstone, alendo aoloka motere cigwa cakuya ca Zambezi, pambali pa mlatho umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Pa phiri la Mulanje, limene nsonga yace Sapitwa italika mamita 3,002, anchito a nkhalango kale anatsitsa matabwa a mkungudza pa cingwe cotere, kucokera ku Chambe kunka kunsi ca ku Likhubula. Koma taonani kusiyana kwace: thabwa likagwa ndi kung'aluka, aceka lina, bambo wa banja akagwa, ana ace adzamtenga kuti wina?

Cifukwa cace, inu azibambo amene mwaitanidwa ndi anzanu akale, pitani ndithu, pakuti ubwenzi wosayenderana uzirala ngati moto wosasonkhezera. Koma sungani zitatu izi. Coyamba, penyani malamba ndi cisoti ndi maso anu, ndi kufunsa woyang'anira kuti mudzaima bwanji kunsiko. Safunsa anadya phula. Caciwiri, mowa usalowe m'kamwa musanakwere. Cacitatu, wodwala mtima kapena msana, ndi mai wapakati, akhale pansi napenyerere. Pakati pa abwenzi a ubwana pali ciyeso cimodzi cacikuru, ndico kuopa kusekedwa. Munthu wa zaka makumi anai aiwala msinkhu wace pakumva dzina lace la kusukulu, nafuna kuonetsa kuti akali mnyamata. Bwenzi leni leni silikankha mnzace ndi citonzo. Akati, Ine ai, limgwirira jekete lace mokondwa.

Ndipo inu amai, mau otsiriza ndi anu. Ana akamva nkhani izi adzafuna kuyesa, nadzamanga waya wakale kapena luzi pakati pa mitengo ya mango. Cingwe ca pa phiri ciyesedwa ndi amisiri, ndipo ciri ndi coimitsira. Ca pa mango ciduka, kapena ciombetsa mwana ku tsinde. Mukaciona, cimasuleni tsiku lomwelo, cingakhale ca ana a mnansi wanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.