Mwana Awerenge, Kholo Limvetsere



Mayeso a Sitandade 8, amene bungwe la MANEB limalembetsa chaka ndi chaka, ndiwo khomo lolowera ku sekondale. Kupatula pepala la Chichewa, mafunso onse amabwera m'Chingerezi. Choncho mwana wosamva zimene akuwerenga amalephera ngakhale masamu amene amawadziwa, chifukwa funsolo lamudutsa.

Ife aphunzitsi timaona kuti kuloweza nkwina, kumvetsa nkwinanso. Mwana angathe kutchula mawu a tsamba lonse osaphonya, koma mukamufunsa zimene nkhaniyo ikunena amangoyang'ana pansi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ndi odzaza, moti mphunzitsi sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga. Mpata umenewu uli pakhomo.

Tsono tikupempha kuti tsiku lililonse, kunja kusanade, mukhale naye pamphasa ndi buku lake la kusukulu. Awerenge ndime imodzi mokweza, atseke bukulo, kenaka akufotokozereni m'chilankhulo cha pakhomo, kaya Chiyao kaya Chichewa. Mumufunse kuti, "Anachita zimenezi ndani? Chifukwa chiyani? Nanga zinatha bwanji?" Ngakhale kholo losapita kusukulu lingathe, pakuti ntchito yake ndi kumvetsera ndi kufunsa basi. Akakanika musamukalipire, abwerezenso ndime yomweyo.

Nthawi imeneyo mtsikana asatumidwe kumjigo mlongo wake ali ndi buku m'manja. Onse adzalemba mayeso amodzi.

Musadikire Sitandade 8. Yambani ali Sitandade 3, pakuti mmera mpoyamba. Insha Allah zipatso mudzaziona.