Ana akumudzi nawo apange maroboti

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo maganizo anga pa mipikisano ya maroboti ya ana asukulu. Anzanga akumudzi musasokonezeke ayi: sindikunena maroboti a pamsewu a ku Blantyre aja, koma timakina ta matayala ndi mikono timene ana amalumikiza okha n'kutilamula kudzera pa kompyuta.

Mpikisano wotchuka wa FIRST Global Challenge anauyambitsa ndi a Dean Kamen a ku America, ndipo woyamba unachitikira ku Washington m'chaka cha 2017. Mu 2022 unali ku Geneva, 2023 ku Singapore, 2024 ku Athens. Dziko lililonse limatumiza gulu limodzi la ana a zaka 14 mpaka 18, ndipo Malawi yakhala ikutumiza nawo ana ake.

Chondisangalatsa ndi ichi. Magulu onse amalandira bokosi lofanana la zitsulo, mamota, mawaya ndi mabatire. Wolemera sangagule mota yamphamvu kuposa ya mnzake. Roboti isapose masentimita 50 mbali zonse poyamba masewero, ndipo masewerowo amatha mphindi ziwiri ndi theka basi, maiko atatu mbali ino, atatu mbali inayo. Tsono chimasiyanitsa n'chiyani? Ndi maganizo ndi manja a anawo.

Roboti yabwino si yooneka mochititsa kaso. Ndi imene imagwira ntchito imodzi kapena ziwiri mosalephera, lero ndi mawa lomwe. Ya mikono isanu imathyoka pasanu. Ikalemera kumutu imagudubuzika pokhota, monga njinga yosanjikiza matumba a makala. Nati imodzi yosamangitsa kapena waya wolendewera zimaimitsa makina onse pakati pa bwalo, ndipo palibe wololedwa kulowamo kukakonza. Omanga anzeru amayeza kawiri asanadule, amalemba m'kope zonse zimene ayesa, amaika batire poti dzanja lifike msanga, ndiponso amatsiriza nthawi ikadalipo kuti woyendetsa azolowere. Zonsezi si nzeru za pakompyuta zokha, ndi umisiri.

Nanga umisiriwu kwathu kuno ulibe? Taonani galimoto yamawaya ya mwana wa Sitandade 4: chiwongolero chimakhotetsa matayala akutsogolo bwinobwino, popanda womuphunzitsa. Taonani okonza njinga pa Chitakale, kapena anyamata osema timabokosi pano pa Likhubula, chivundikiro chake chokwana ndendende (ngakhale mkungudza umene wadyedwa ndi malondawa ukundimvetsa chisoni). William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi buku la mulaibulale.

Nkhawa yanga ndi yakuti mwayi wotere umagwera kumene kuli kale magetsi ndi makompyuta, ndiye kuti m'tauni. Mwana wa kuno atha kumaliza Fomu 4 asanagwireko kamota ndi kamodzi komwe. Pamenepo dziko likusankha osewera ake pa ana ochepa kwambiri.

Ena adzati, "Aphunzitsi, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, inu mukunena maroboti?" Funsoli ndi lomveka, makalasi ayambe ndithu. Koma ife a ku Mulanje ndi Phalombe sitinaiwale namondwe Freddy wa mwezi wa Malichi 2023. Mwana wodziwa kulumikiza kachipangizo kouza roboti kuti khoma layandikira, angathenso kupanga belu lolira lokha madzi akakwera mumtsinje wa Likhubula usiku. Magetsi a MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya ku Bondo nawonso adzafuna amisiri akonkuno.

Sitikupempha ndege yopita ku Athens. Unduna wa Maphunziro uike bokosi limodzi la zipangizozi pa TDC iliyonse, sukulu za m'zoni zizibwerekana, ndipo kumapeto kwa teremu ana apikisane pa boma. Yunivesite ya MUST ili pa Ndata ku Thyolo, pakhomo pathu penipeni. Ophunzira ake abwere pa tchuthi adzaphunzitse aphunzitsi athu.

Inu abusa ndi ansembe, nyumba zambiri za mipingo zili ndi magetsi kapena sola, ndipo zimangokhala zotseka pakati pa sabata. Titsegulireni chipinda chimodzi Lachitatu masana. Polengeza m'tchalitchi mutchulenso atsikana, chifukwa makolo ena akamva za zitsulo amatumiza anyamata okhaokha, chonsecho gulu limene dziko lonse linkalikamba ku Washington mu 2017 linali la atsikana a ku Afghanistan. Ife aphunzitsi opuma tilipo, tidzasunga kiyi ndi kuwerenga manati ana akaweruka.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Likhubula, Mulanje.