Mbiri Siipimidwa pa Sikelo

Sabata yatha ndinaonetsa ana anga a giredi 9 cithunzi pa foni: ndeke ya nkhondo ya mtundu wa F-15 itagona cagada ngati mphemvu yakufa. Izi zinacitika pa 10 October 2018 pa Tyndall, malo a asilikali a ndeke ku Florida, m'dziko la America. Cimphepo cochedwa Michael cinafika ndi liwiro la makilomita pafupifupi 260 pa ola. Ndeke zimene zinali zotha kuuluka anazithawitsiratu. Iyi inali itapuma kale nchito, yoikidwa panja kuti anthu aziiona. Inalibe kothawira.

Mnyamata wina kumbuyo anati, "Ba teacher, manje vuto ili pati? Ni scrap cabe iyo. Kuno sembe tinaipimisa kudala."

Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke, cifukwa mwanayo ananena zoona za ife. M'makomboni mwathu cinthu cacitsulo cikangosiya nchito, mtengo wake umakhala makilo. Zotsekera ngalande zimasowa usiku, zikwangwani za pamsewu zimakwera wilibala. Njala ndiidziwa, nanenso ndinakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri. Koma mtima wopima ciliconse pa sikelo ndiukana.

Ndinawafunsa kuti, ndani adziwa zimene zinacitika ku Chikumbi? Zii. Pa 19 October 1978 ndeke za boma la Ian Smith zinacoka ku Rhodesia ndi kudzaponya mabomba pa msasa wa anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, pafupi pomwepa. Woyendetsa ndeke wina, wodzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi anthu a pa bwalo lathu la ndeke, kulamula kuti ndeke za asilikali athu zisanyamuke. M'dziko lathu lomwe! Anthu ambiri anafa tsiku limenelo. Agogo anu anamva kuphulikako ndi makutu awo, inu simunamve ngakhale dzina la malowo.

Apa ndipo pali nchito ya ndeke yakale yoima panja. Mwana akaiona amafunsa. Akafunsa, wamkulu amakakamizika kuyankha. Tsamba la m'buku mwana amalidumpha, koma phiko lalitali kuposa minibasi salidumpha.

Ena adzati, bwanji tilemekeze cida cophera anthu? Kusunga cinthu sikucipembedza. Cipsera ca pamwendo sitimacikonda, koma cimatikumbutsa pamene tinapsera. Enanso adzati ndalama zipite ku mankhwala ndi madesiki. Ine ndiphunzitsa ana atatu pa desiki imodzi, musandiuze za madesiki. Koma denga la malata, penti ndi zingwe zomangira sindizo zimatha ndalama za dziko. Cimene tisowa ndi manyazi.

Anthu a ku Florida ali ndi poyankhira: cimphepo cija cinagwetsa nyumba ndi mitengo, cinapha anthu. Nanga ife tidzanamizira ciani? Kwathu kuno zinthu zakale zimafa mwakacetecete. Mvula ya mu January ilowa pa kaboo, dzuwa la mu October lisupula penti, dzimbiri lidya pang'onopang'ono, kenaka wina abwera ndi sowo usiku.

Tsono anzanga acinyamata, musadikire ulendo wa sukulu. Pitani ku Chilenje House 394 mukaone Land Rover imene a Kaunda anali kuyendamo pomenyera ufulu. Mukafika ku Livingstone, lowani mu Railway Museum mukaime pafupi ndi masitima akale a malasha. Mukaona ndeke yakale itaima panja, funsani kuti inauluka liti, anaiyendetsa ndani, aisamala ndani. Mukapeza cinthu ca mbiri cikuola, jambulani, lembani, cititsani akulu manyazi. Ndipo mnzanu akabwera ndi citsulo cosadziwika kumene cacokera, musamuthandize kukankha wilibala.

Mnyamata uja ndinamupatsa nchito: akafunse agogo ake kumene anali tsiku la mabomba a ku Chikumbi. Lolemba anabwera ndi masamba atatu odzaza. Sanaseke.